Mimba ya ku Mulanje pagombe la Cape Town

Anthu a ku Cape Town ali ndi nthenda yawoyawo imene imawagwira Seputembala akangofika. Mvula ya kuno imagwa mosemphana ndi ya kwathu. Imabwera m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, yamvumbi, yamphepo, yolowa mpaka m'mafupa. Ndiye dzuwa likangosuzumira, mzinda wonse umakhamukira panja. Munthu ali ndi nyumba yabwinobwino, tebulo ndi mipando yake, koma amalongedza chakudya m'dengu, kuthira mafuta m'galimoto, kuyenda mtunda wautali, kulipira pageti, cholinga akakhale pa udzu n'kumalimbirana buledi ndi nyerere.

Ine ndinachoka ku Mulanje pothawa zomwezi. Ndinapirira m'basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, miyendo itatupa, kuti tsiku lina ndidzadyere patebulo monga bwana. Tebulolo ndinagula, pangongole, ndipo sindinamalize kubweza. Lero mayi a kunyumba akuti anthu otsogola amadyera pansi.

"Abambo, anzathu onse akupita kukaona maluwa. Ife tokha ndiye tizingoona khoma?"

Mwamuna wanzeru amadziwa funso limene si funso. Tinapita. Alamu anga ndiwo ali ndi galimoto, ine ndili ndi maganizo, choncho iwo anayendetsa, ine n'kumawalangiza. Malowo ndi West Coast National Park, pafupi ndi tauni ya Langebaan, makilomita opitirira 100 kumpoto kwa mzinda. M'kati mwake muli chigawo chotchedwa Postberg chimene amachitsegula miyezi iwiri yokha pachaka, Ogasiti ndi Seputembala, chifukwa cha maluwa akutchire. Ndipo alipodi: oyera, achikasu, ofiirira, kuyala dambo lonse mpaka kukafika kunyanja. Anthu anatsika m'magalimoto akugwira pakamwa. Ine, mwana wa mlimi, dzanja linayamba kuyabwa kufuna khasu. Munda wonsewu osapalira!

"Alamu, kodi amenewa akakhwima amabereka chiyani?"

"Sabereka kanthu, alamu. Ngongoona basi."

"Nanga masamba ake satendera?"

Mayi a kunyumba anandiponda phazi. Ndinaphunziranso kuti maluwawa ali ndi mwambo wawo. Kukachita mitambo satsegula. M'mawa kwambiri satsegula. Amadikira dzuwa likwere, n'kumaliyang'ana, ndipo iwe ukafuna kuwaona bwino uime dzuwa lili kumsana kwako. Dzuwa likapendeka, aweruka. Ndinawapatsa ulemu. Ndakhala ndikufunafuna ntchito ya maola oterowo chibwerereni m'dziko lino.

Mwezi womwewo wa Seputembala ndi wa anangumi. Amabwera kuchokera kumadzi ozizira a kum'mwera kudzaswana m'mphepete mwa gombe, kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, ndipo tauni ya Hermanus imadya bwino chifukwa cha iwo. Kumeneko kuli mpaka munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja, kudziwitsa anthu kumene nangumi waonekera. Likangolira, chikhamu chonse chimathamangira kuphompho. Ndinathamanga nawo, mimba patsogolo. Akulu anati okaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. Ine ndinaona mchira. Unatuluka, unamenya madzi, n'kumira. Mzungu wina pambali panga anagwetsa misozi. Ine ndinali kalikiliki kuwerengera mumtima kuti nyama imeneyo ingadyetse midzi ingati, mchere wokwanira utapezeka.

Za kusambira ndinene mwachidule, chifukwa ana anga amazikokomeza. Ndinakulira m'madziwe a Likhubula, madzi ochokera paphiri lenileni, la mamita 3,002 pa Sapitwa, osati Table Mountain ya mamita 1,086 imene anthu amakwera atapachikidwa pachingwe kuyambira 1929. Choncho pa Camps Bay ndinavula malaya pamaso pa banja lonse, n'kulowa mothamanga. Palibe anandiuza kuti mbali ya Atlantic imazizira chaka chonse chifukwa cha mkokomo wa madzi wa Benguela, ndiponso kuti mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imayamba kuwomba m'nyengoyi imakankha madzi ofunda apamwamba, ozizira apansi n'kukwera. Madzi atafika m'mawondo ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti nsapato za ana zilibe woziyang'anira. Bambo wabwino amaika banja patsogolo. Mwana wamng'ono mpaka lero amati, "Adadi anakuwa." Sindinakuwe. Ndinkaitana alamu.

Koma nkhani yaikulu ndi ya chakudya, poti pamenepo mpamene munthu amayesedwa. Ulendo umene ndimaukonda ndi wa pasitima yopita ku Simon's Town, imene ikadutsa Muizenberg imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mafunde akumenya miyala pansi pa zenera. Timatsikira pa Kalk Bay, padoko la asodzi, pamene maboti amakocheza ndi nsomba za tsiku lomwelo, amayi n'kumazitumbula pompo. Apa mtima wanga umakhala m'malo, chifukwa kunenerera mtengo wa nsomba ndi luso limene ndinabadwa nalo. Ndimanenerera mwaukadaulo mpaka wogulitsa kutopa, kenako ndimalipira mtengo womwe uja anatchula poyamba.

Nsomba ya anthu wamba kuno ndi snoek, yaitali, yamafuta, ya minga zazitali zosavuta kuchotsa. Ndi nsomba yabwino, ndikuvomereza. Vuto ndi zimene eni ake amaichita. Amaiotcha pamakala akuipaka jamu wa zipatso za apurikoti. Jamu! Nditaona koyamba ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina pali wamkulu woti awaletse. Panalibe. Ndinalawa pofuna kukhala ndi umboni wokawatsutsira, ndipo popeza umboni umafunika wokwanira, ndinamaliza mbale yonse ndi theka la ya alamu. Maganizo anga sanasinthe: jamu ngwa pabuledi.

Nsomba yokazinga ndi tchipisi amakukulungira m'pepala, tchipisi chake chofewa, chothira viniga, ndipo umakadyera pakhoma la doko. Pamenepo pali mbalame zoyera za kunyanja zimene sizinaleredwe. Khwangwala wa kwathu amadikira utembenuke. Izi zimakuyang'ana m'maso, kuyeza kukula kwa nthuli, n'kuitsomphola ili panjira yopita kukamwa. Ndinadandaula kwa mayi a kunyumba kuti ndaberedwa masanasana anthu akuona. Anandiyankha kuti mbalameyo yaonetsa chitsanzo cha kufulumira chimene ena pabanja pano angatengerepo phunziro.

Tsiku lokumbukira ukwati wathu ndinati ndionetse kuti nanenso ndine munthu. Ndinavala jekete, n'kuwatengera mayi ku lesitilanti ina yoyang'ana kunyanja, ya nsalu zoyera patebulo ndi mafoloko ochuluka kuposa manja a munthu. Anabwera mnyamata woperekera zakudya, wa tayi yagulugufe, Chingerezi chake chotulukira m'mphuno. Anatipatsa menyu. Ndinayamba kuwerenga kuchokera kudzanja lamanja, kumene kumakhala mitengo, ndipo mawu anandipulumuka: "Mayo ine!"

Mnyamata uja anawerama ngati akukonza foloko, n'kunong'ona: "Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Mulanje."

"Ine wa ku Nkhata Bay. Zimene mwalozazo musaitanitse, simukhuta."

Kuno a kwathu ali paliponse, m'makhitchini, m'minda ya maluwa, m'mahotela, koma sindinayembekeze kuti mmodzi adzandiona pa ola langa la mayesero. Ndiye ulemu unandikakamiza kuitanitsa zomwezo wandiletsazo. Zinabwera nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, zosaphika, zitagonekedwa pa ayezi, kambali ka ndimu pambali. Ine ndine munthu wolimba mtima pa zakudya. Mbewa ndimadya ndi ubweya womwe, ngumbi ndimachita kukankha ndi chikhatho. Koma chinthu choti sichinaonepo moto, choti sutafuna kwenikweni, umangochimeza n'kumadikira kuti mugwirizana bwanji m'katimo, chinandichititsa kuganizira za moyo wanga. Ndinameza maso ali kudenga. Mayi anafunsa kukoma kwake. Ndinati ndi chakudya cha anthu ozama.

Kenako inafika mbale yaikulu, pakati pake kanthuli ka nsomba, pamwamba katsamba kamodzi, m'mbali madontho a msuzi oikidwa mochita kuyeza. Ndinadikira kuti mwina ichi n'cholawitsa. Mnyamata uja anandiyang'ana ndi chisoni cha pachibale. Bilu itabwera ndinakumbutsidwa mwambo wa kuno, woti umawonjezera 10 peresenti ya woperekera zakudya. Akanakhala mlendo ndikanachita masamu anga a ku pulayimale, osochera pang'ono. Koma wa kwathu? Mbiri ikanafika ku Limbe ine ndisanafike pakhomo. Ndinawonjezera mpaka kupitirira, dzanja likunjenjemera. Panja wolondera magalimoto wa chovala chowala anatambasulanso dzanja, chonsecho tinabwera pa minibasi. Ndinam'patsa, poopa kuti nayenso angakhale wa ku Phalombe. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Musaganize kuti mzinda uno ulibe chifundo. Uli ndi gatsby. Ameneyu ndi buledi wamtali ngati mthiko wophikira nsima ya pamaliro, wong'ambidwa pakati, m'kati atathiramo tchipisi, nyama kapena soseji kapena nsomba, ndi msuzi wa tsabola. Anayamba mu 1976 ku Athlone, pamene mwini shopu ya nsomba, Rashaad Pandy, anasonkhanitsa zimene zinalipo, tchipisi, poloni ndi atcha, kuti adyetse anthu amene ankamukonzera shopu. Mwaonatu, chakudya chikapangidwira anthu otuluka thukuta chimakhala ndi nzeru. Amati gatsby mmodzi amadulidwa panayi, kudya anthu anayi. Ine ndimaona kuti amenewo ndi maganizo chabe a wodulayo.

Lamulungu m'mawa kuli ma koesister, timandasi tonunkhira sinamoni ndi jinja, toviikidwa m'madzi a shuga n'kugubuduzidwa mu kokonati. Ndi chakudya cha Asilamu a kuno, a ku Bo-Kaap kwa nyumba za utoto wowala kuja ndi madera ena, amene makolo awo ambiri anabweretsedwa muukapolo m'nthawi ya Adatchi kuchokera ku Indonesia, India ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa. Anthu analandidwa zonse, koma kaphikidwe anakasunga, ndipo lero mzinda wonse umanyadira zonunkhiritsa zawo. Ine ndimathandiza kusunga mbiri imeneyi mokhulupirika, thumba lathunthu ulendo umodzi, tisanapite kutchalitchi.

Chimake cha nyengoyi ndi pa 24 Seputembala, tsiku la tchuthi lokumbukira chikhalidwe, limene ambiri analisandutsa tsiku lootcha nyama. Ngakhale malemu Akibishopu Desmond Tutu anavomera mu 2007 kukhala mkulu woyang'anira mwambo wootchawu. Apa ndiye ndinapeza mphatso yanga. Amayi amadzuka m'mamawa, kukonza saladi, kusenda, kutsuka, kulongedza, kusamalira ana. Abambo timaimirira mozungulira moto, wina atagwira chotembenuzira nyama, enafe tikumuuza kuti watembenuza msanga. Pomaliza anthu amaombera m'manja abambo. Chikhalidwe chotere ndinachilandira ndi manja awiri, osafunsa mafunso.

Komabe zonsezi zikatha, snoek yadyedwa, gatsby wapita, nyama yatha, pamakhala kamphako kena m'mimba kamene sikamva Chingerezi. Usiku anthu atagona mumamva mphika kukhitchini. Ndine, ndikuvundula kansima kochepa, kongotsekera.

Lamulungu lapitali ndinaimbira foni amayi kumudzi kuti ndiwasimbire mmene mwana wawo watukukira. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo: kudyera pa udzu, nkhono zosaphika, nsomba ya jamu, nthuli yolandidwa ndi mbalame, buledi mmodzi anthu anayi. Anakhala chete kanthawi.

"Mwananga, usandibisire. Ntchito inatha?"

"Ayi amayi, zimenezi n'zodula kwambiri. Ndi mmene amadyera anthu olemera."

"Mmm. Apongozi anga alipo pafupi? Ndipatse ndilankhule nawo."

Analankhulana nthawi yaitali, mayunitsi anga akupita. Zotsatira zake ndi izi: mpingo wa kwathu wandiika pamndandanda wa owapempherera, ndipo thumba la ufa, nyemba ndi usipa wouma lanyamuka kale pabasi. Ndalama yonyamulira akuti ndilipira ine likafika, ndipo kondakitala wanditumizira kale mtengo wake. Ndikanadya nayo oyster kawiri.