Laputopu ya amalume yapita ku dibi

Amalume anga a kwa Kawaza, ku Katete, chaka chino soya anawakomera. Atangolandira ndalama anakwera basi ya ku Chipata n'kubwerako ndi laputopu ya salaula, akuti mdzukulu aziphunzirirapo. Wogulitsa anawatsanzika ndi mawu awa: "Atate, musanaiyatse muiteteze kaye ku matenda, kunjaku mavairasi achuluka." Loweruka m'mamawa ndinawapeza pamzere wa ku dibi, ng'ombe zisanu ndi imodzi patsogolo, laputopu kukhwapa. Ndinati, "Amalume, nanga iyi?" Iwo osacheuka n'komwe: "Usandichedwetse, mphwanga. Ndalipira kale za mitu isanu ndi iwiri."

Titailanditsa, ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza kuti mankhwala ake sathira, amachita kukopera pa intaneti, ndipo ena ndi aulere: Avast, AVG, Avira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Aulere? Ine chibadwire chaulere ndinalandirapo chitenje ndi kapu basi. Ameneyu Avast akuimira chipani chanji?"

Pa Sinda, m'mphepete mwa Great East Road, pali mnyamata wina wotayipa makalata ndi kujambula mapepala. Iye anati chitetezo sichichuluka, nayika ma antivairasi awiri m'kompyuta imodzi. Kuyambira tsiku limenelo kalata ya mizere itatu inkatenga ola. Uyu akuti mnzakeyo ndi vairasi, uyonso akuti vairasi ndi uyu, kompyuta ili phee, chifaniziro chikungozungulira. Pabenchi panali mdala wina wodikira kalata ya malo. Anamvetsera nkhani yonse, napukusa mutu. "Mwana wanga, waamangira nyumba imodzi? Ine akazi anga awiri ndinawapatula kalekale, wina pano pa Sinda, wina kwa Nyanje. Koma ona mmene ndikuyendera."

Pa boma ku Katete ndinapeza aphunzitsi atatu atatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Wina ndi wa Avast, akuti ya ku Prague sigona tulo. Wina ndi wa AVG, akuti nayonso ndi ya ku Czech komweko koma ndi yopepuka. Wachitatu wagwira Avira ya ku Germany, akuti Mjeremani sapanga chinthu chophweka, taonani njinga ndi mashini osokera. Phokoso ngati la Arsenal ndi Manchester United. Kamnyamata ka pa Mobile Money kanasuzumira pawindo: "Aphunzitsi, Avast inagula AVG mu 2016. Ndipo kuchokera mu 2022 zonse zitatu, pamodzi ndi Norton, zili pansi pa kampani imodzi, Gen Digital." Onse duu. Wokonza nsapato, amene anali chete nthawi yonseyi, analavula kamsomali. "Ndiye ndi za ku Mkaika izi. Wina achokere ku Malawi, wina ku Mozambique, wina konkuno, ikakwana Ogasiti onse akukalambira Gawa Undi mmodzi."

Ambuya ena anapatsidwa laputopu ndi mwana wawo wa ku Lusaka kuti azionerapo zithunzi za zidzukulu. Pofunsidwa kuti tiyikemo antivairasi iti, analoza ya chizindikiro cha ambulera. Palibe anafunsa chifukwa. Mvula ya Januwale itagwa, anabwera nayo ikudontha madzi, ataiiwala pakhonde usiku wonse. "Ana inu mumanama. Nanga ambulera ija inali ya chiyani?"

Tiyeni ku Vubwi. Mlembi wa kopaletivi ina anasunga maina onse a alimi olandira feteleza wa FISP mu fulashi, fulashiyo ataimangirira pamodzi ndi makiyi a njinga. Atafika posindikiza, mafoda onse asanduka timabokosi ta kamuvi pakona. Mnyamata wa pashopu anati, "Iyi ndi vairasi ya shotikati, musadine." Atcheyamani anamukankha ndi chigongono. "Iwe ndiwe mlendo kuno? Ife ku Malawi timadzera shotikati, ku Mozambique shotikati. Dinani, alembi, feteleza afike msanga."

Anadina. Kompyuta ya pashopu nayo inatenga. Mnyamata uja, thukuta lili kamukamu, anayatsa Smadav, kaja ka ku Indonesia kamene anyamata a m'mashopu amatsukira mafulashi, n'kuwalimbitsa mtima: "Musade nkhawa, maina sanafufutike, vairasi imeneyi imangowabisa." Mayi wina kumbuyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Imeneyo ndiye yachedwa. Langa linabisika zaka zitatu zapitazo, kuno kulibe ndi kompyuta yomwe."

Azakhali anga anamva ndikuuza mnzanga pafoni kuti antivairasi yagwira fayilo ina n'kuiika ku kwarantini. Sanayankhule kanthu. Kutacha ndinapeza chidebe cha madzi ndi sopo pakhomo la chipinda changa, laputopu yavekedwa masiki pa sipika, ana aletsedwa kuyandikira. Nditati ndifotokoze, anandidula. "Za 2020 tinaziona tokha. Masiku khumi ndi anayi, ndipo mbale yako ikhala payokha."

Kusukulu ina ya ku Sinda, aphunzitsi a Computer Studies ankafotokozera a Giredi 9 za Trojan. Akuti dzinali linachokera ku nthano ya Agiriki, amene anapereka hachi yamatabwa ngati mphatso kwa anthu a mumzinda wa Troy, koma m'mimba mwake mutabisala asilikali. Pulogalamu yotere imabwera ikumwetulira, ngati kanyimbo kapena kagemu kaulere, ikalowa n'kuyamba kudya za m'nyumba. "Ndani angapereke chitsanzo?" Kamtsikana ka kutsogolo kanaimika mkono. "Alamu awo a atate. Anabwera ndi nkhuku imodzi pa Isitala, mpaka lero akadali kwathu."

Kusukulu komweko kunabwera katswiri wokonza makompyuta, Mbemba wa ku Kasama, ndipo mukudziwa chimbuya sichidikira moni. Atangolowa mu labu anawerenga makompyuta khumi, mamausi asanu ndi awiri. "Ahedi, kuno antivairasi n'kutaya nthawi. Makompyuta a Kum'mawa safa ndi vairasi. Wina anakuuzani kuti mausi ndi mbewa, atatu mwawotcha kale." Ahedi anangomwetulira, namusiya agwire ntchito yake. Pomaliza katswiri anafunsa pasiwedi ya kompyuta yaikulu. "Takuikirani yosavuta, ambuya. Lembani kolwe, nyani uja wa kwanu. Simungaiwale, muziikumbukira nkhomaliro iliyonse."

Mphunzitsi wa timu ya mpira ya m'mudzi mwathu anafuna kulipira munthu kuti amuikire antivairasi. Ndinamuuza kuti asunge ndalama zake, Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera kale ndi mlonda wake m'kati, Microsoft Defender, wosalipiritsa. Anakwinya nkhope. "Difenda mmodzi? Timu yanji imeneyo? Ndiikire anayi." Ndinati mulinso fayawo, khoma lotchinga alendo. Anaganiza pang'ono. "Khoma n'la firikiki. Nanga pagolo pali ndani?"

Kutchalitchi china cha ku Vubwi kuli kompyuta ya pa desiki, yokhala ndi sikirini ya chimsana ija, ikuyendabe pa Windows 7. Mlembi anafuna kukweza antivairasi, koma mnyamata wa kwaya amene amadziwako izi anati vuto ndi lalikulu: Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo ngakhale mng'ono wake Windows 10 anamusiya pa 14 Okutobala 2025. Akulu a mpingo anayang'anana mwachisoni. Wina anavula chipewa. "Bambo wobereka n'kuthawa ana, awiri onse! Alembi, musachedwe. Ilembetseni pa Social Cash Transfer, ndi mwana wamasiye uyu."

Kompyuta yomweyo anaiyatsira sikani yathunthu. Inayamba itangotha Sande sukulu, kufika madzulo ikadali pakati. Amayi a chigwirizano anakhala mozungulira, akusenda nsawawa, akudikira. Dzuwa litalowa, mnyamata analengeza kuti sikani yatha ndipo sinapeze kanthu. Amayi wina, amene anaberekera ana ake onse ku chipatala cha St Francis, anaimirira n'kusisita chimsana cha sikirini chija. "Abwereze. Chimimba chonsechi mulibe kanthu? Apa pali mapasa."

Bambo wina pa Katete akuonera mpira pa intaneti, sikirini inangoti psuu, ndi zilembo zikuluzikulu: muli ndi mavairasi asanu, dinani apa msanga! Zija zabodza zija, zongofuna kuti udine. Iye anafuula, "Amake mwana, andipeza ndi mavairasi asanu!" Mayi anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. "Mwawatenga kuti?" Bambo, maso ali pa sikirini: "Ndikuganiza ndi kwa aneba aja. Koma inali kamodzi kokha, ndipo anandiuza kuti fulashi yawo ndi yoyera." Mpaka pano ankhoswe akuphunzira kompyuta.

Pabwalo la a nyakwawa, podikira mlandu, mphunzitsi wopuma ntchito ankasimba za vairasi yoyamba ya makompyuta a mtundu wa PC. Inkatchedwa Brain, inatuluka mu 1986, ndipo anailemba anyamata awiri apachibale a ku Lahore, ku Pakistan. Chodabwitsa n'choti m'kati mwake analembamo maina awo, adiresi ya shopu yawo ndi manambala a foni. A nyakwawa anagogoda ndodo pansi. "Amenewo ndiwo ana oleredwa bwino. Amene anandibera mbuzi sabata yatha sanasiye ngakhale chingwe."

Mphunzitsi uja atalimba mtima anapitiriza ndi ya 2017, WannaCry, imene inkatseka mafayilo a munthu n'kumuuza kuti alipire madola 300 kuti imutsegulire. Inagwetsa makompyuta ngakhale m'zipatala za ku Britain. Bambo wina anafunsa, "Ndiye zikatsekedwa sungazionenso?" Anati ayi, pokhapokha utalipira, ndipo mwinanso osaziona. Bamboyo anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Muli vidiyo ya ukwati wanga, ola lathunthu apongozi akulankhula. Anthu amenewo amapezeka bwanji?"

Amayi a golosale ku Sinda anayamba kudandaula kuti bandulo ikutha ngati mchere wa pamaliro. Mwana wawo anawauza kuti antivairasi imakoka apudeti tsiku ndi tsiku, kuti izidziwa nkhope za akuba atsopano. Amayi anawerenga pa zala. "Akuti waulere, koma m'mawa adye, madzulo adye. Magetsi akapita, nayenso wagona. Galu wanga amadya makoko a nsima, ndipo mdima ukagwa m'pamene amayamba ntchito. Chotsa uyo, mangirira Tiger pa mwendo wa tebulo."

Tibwerere kwa amalume. Patatha mwezi, laputopu inayamba kutulutsa kabokosi pakona, kakuti apugiredi, apugiredi. Mdzukulu anawamasulira kuti ikufuna kukwezedwa. Amalume anaiika pa tebulo, kabokosi kali pompo. Anaiika pamwamba pa kabati, kali pompo. Anaitenga, pamodzi ndi foni ya mdzukulu, n'kukwera nayo pa chulu cha kuseri kwa khola. Pamenepo ndiye pokhapo pamene netiweki imagwira m'mudzi monse. Apudeti inayenda yokha mpaka kumapeto, chizindikiro n'kusanduka chobiriwira. Anatsika akupukuta m'manja. "Ophunziranu mumachulutsa mawu. Chinthu chanena chokha kuti ndikwezeni."

Koma kabokosi kanabweranso mawa lake, tsopano ndi mtengo wake: lipirani kuti mupeze chitetezo chonse. Mdzukulu anati yaulereyo ikugwirabe ntchito, akhoza kungotseka. Amalume anandiimbira foni, mawu ali odekha ngati a munthu wopambana mlandu. "Mphwanga, ndinakufunsa za chipani chija, unandiseka. Chitenje talandira. Tsopano wafika msonkho."

Sabata yomweyo mdzukulu anatchula za mtundu wina wa vairasi wotchedwa wemu, woyenda wokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo anawamasulira kuti ndi mbozi. Amalume sanafunsenso wina aliyense. Madzulo tinapeza mabatani onse ayera mbuu, fungo la Actellic lili thoo m'nyumba monse. Laputopu sinayakenso. Iwo anaigwedeza pafupi ndi khutu, namvetsera, nagwedeza mutu mokhutira. "Kuyaka ndi nkhani ina. Koma tandionetse nankafumbwe ngakhale mmodzi."

Ine amene ndikusekayu, yanga ndinaisamala ngati dzira. Antivairasi imodzi yokha, apudeti ya m'mawa womwewo, sikani yathunthu usiku wake, fulashi ya munthu sinalowemo chigulire. Pobwerera ku Katete minibasi inaima pa Sinda, ndinatsika kukagula chimanga chowotcha, chikwama n'kusiya pampando. Pobwera, pampando pali mayi ndi nkhuku ziwiri. Kondakitala anandifunsa ngati munali chinthu chofunika. Ndinati munali laputopu. Anafunsa ngati inali yotetezedwa. Ndinati kwambiri. Anamenya denga la basi kuti tizipita. "Ndiye musadandaule, bwana. Kumene iliko siidwala."