Ulemu kwa kazitape wa pansi pa boneti

Ku Kasinje munthu wamiseche amamulipitsa nkhuku pabwalo la amfumu, koma alipo wamiseche mmodzi woyenera kumuvulira chipewa: kasensa kongolingana ndi chala, kobisala pansi pa boneti ya Sienta iliyonse yodutsa pa M5 kuchokera ku Balaka kupita ku Golomoti ndi Salima. Ntchito yake n'kumvetsera za m'nyumba mwa injini n'kukaziulula kwa giyabokosi. Pa crankshaft ya magalimoto ambiri a Toyota pali kagudumu ka mano 34, kokhala ndi gweru la mano awiri. Kazitapeyu, ndi maginito ake, amawerenga dzino lililonse likamadutsa, n'kuuza kompyuta liwiro limene injini ikuzungulira. Kumene giyabokosi ali ndi kompyuta yakeyake, nkhaniyo imafika kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, njira imene kampani ya Bosch idaionetsa mu 1986. Giyabokosi akamva kuti injini ikulira ndi matumba a chimanga, amatsitsa giya. Ndi mlamu uti adaperekapo uthenga mosawonjezera mchere chotere?

Adani ake amati n'ngovuta. Khoswe akangotafuna kawaya, kapena madzi a dzinja akalowa mu soketi, galimoto imakana kulira, apo ayi imakakamira giya imodzi n'kumayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amangoyang'ana sipanala zake, mpaka abwere mnyamata wa makina owerengera kompyuta. Amatinso Bedford yakale sinkafuna kazitape, dalaivala ankamvera injini ndi khutu. Zoonadi, koma khutu la dalaivala wa lero lili pa foni ndi pa kondakitala wowerenga ndalama. Tsono kuyenda kwa kamba kumene akudandaulako ndiwo ulemerero wake: giyabokosi wosamva uthenga amadziteteza kuti asadzigaye mano. Galimoto ya anthu asanu ndi awiri imene yanyamula khumi ndi awiri, zikwangwani zoletsa liwiro zidailephera. Koma kawaya kamodzi kakanyanyala, mbuzi za pamsika wa Kasinje zimawoloka msewu mwaufulu.

Choncho dalaivala ndi mlendo chabe pa chiwongolero. Woyendetsa weniweni ndi wamisecheyu. Inu eni magalimoto, mupukuteni fumbi, musamuthire madzi a payipi potsuka injini, ndipo chimanga chotayikira m'galimoto muzisesa, khoswe asapeze chifukwa chodzamuchezera.