Ulemerero wa Katapila wa Pulasitiki Amene Sakumba Nthaka

Mwa makina onse amene anthu apanga kuti azigwira ntchito ya m'migodi, palibe amene amanyozedwa mopanda chilungamo ngati katapila womangidwa ndi tinjerwa ta pulasitiki ta kampani ya LEGO, amene anthu osadziwa amangomuti chidole, chikhalirecho anayenera kuwerengedwa pamodzi ndi zida zolemekezeka za chitukuko. Tinjerwa timeneti, timene tili ndi timitu tozungulira pamwamba ndi timachubu kunsi kwake kuti tizigwirana popanda guluu kapena msomali, tinalembetsedwa mwalamulo mu 1958 ndi Godtfred Kirk Christiansen, mwana wa kalipentala Ole Kirk Christiansen amene anayamba kupanga zoseweretsa zamatabwa ku Billund, m'dziko la Denmark, mu 1932. Kuyambira mu 1977 kampaniyi inawonjezera mtundu umene tsopano umatchedwa Technic, wokhala ndi magiya, mitanda yobowolabowola ndi timapini tolumikizira, ndipo mtundu umenewu ndiwo unatsegulira abambo a ndevu zawo njira yoti azisewera pansi popanda wowafunsa.

Mfumu ya makina a mtundu umenewu ndi Bucket Wheel Excavator, kapena kuti chimakina chokumba ndi gudumu la ndowa, chimene chinatuluka mu 2016 ndi nambala 42055, chili ndi tizidutswa 3,929, ndipo pa nthawiyo panalibe bokosi lina la Technic loposa pamenepo. Chikamangidwa chimatalika masentimita 72, ndipo injini imodzi yokha yoyendera mabatire ndiyo imazunguza gudumu la ndowa, kuyendetsa malamba onyamula miyala, ndi kukwawitsa chimakina chonsecho mwaulemu wa nkhono. Nzeru yake yaikulu ili poti miyala yoti chikumbe imabwera m'bokosi lomwelo: ndowa zimatola timiyala ta pulasitiki, malamba amatitengera m'kalole kakang'ono kamene kamadikira kumbuyo, ndipo mwiniwake amatikhuthula ndi dzanja n'kutibwezera pamene tinali, kuti ntchito iyambirenso. Akatswiri a za migodi akhala akudandaula kuti chuma cha pansi pa nthaka chimatha, koma mgodi uwu sudzatha mpaka kalekale, pokhapokha timiyala tina tigubuduzikire kunsi kwa kabati.

Ubwino wa katapila ameneyu umaoneka bwino akamuyerekeza ndi achibale ake achitsulo a ku Germany, monga Bagger 288, amene kampani ya Krupp inamaliza kumupanga mu 1978, wolemera matani 13,500, ndipo amatha kukumba dothi lokwana makyubiki mita 240,000 pa tsiku pofukula malasha ofiirira, amene ndi malasha osakhwima ogwiritsidwa ntchito popanga magetsi. Mu 2001 chimphona chimenechi chinayenda chokha makilomita 22 kuchoka ku mgodi wa Hambach kupita ku wa Garzweiler, kudutsa msewu waukulu, njanji ndi mtsinje wa Erft, ulendo umene unatenga pafupifupi milungu itatu. Ndipo kuti mgodi wa Garzweiler ukule, tchalitchi cha m'mudzi wa Immerath chinagumulidwa mu 2018, pamene mudzi wa Lützerath unachotsedwa mu Januwale 2023 apolisi atathamangitsa anthu ochita zionetsero. Katapila wa pulasitiki sanasamutsepo mudzi ngakhale umodzi, ndipo anthu okhawo amene amawachotsa pamalo ndi a m'banja la mwiniwake, amene amalandidwa tebulo lodyera kwa masiku ambiri namadyera mbale zili pamiyendo, popanda chipukuta misozi, popanda apolisi, ndiponso popanda mlandu wa kukhoti.

Kumanga chimakinachi ndi sukulu ya makhalidwe imene aphunzitsi ambiri angaisirire. Womanga amatsegula timatumba ta pulasitiki, amayala buku lochindikala la malangizo limene lilibe mawu koma zithunzi zokhazokha, ndipo amathera usiku wonse akufufuza kapini kakuda pakati pa timapini takuda mazanamazana, zala zazikulu zikuwawa chifukwa chokanikiza. Phunziro lopambana limafika pamapeto, pamene akuyatsa injini mtima uli m'mwamba n'kumva kulira kwa mano a magiya akudumphana, chifukwa giya ina yaing'ono inalowetsedwa chotembenuza pachiyambi pomwe, ndipo tsopano yakwiririka mkati mwenimweni mwa thupi la makinawo, moti palibe njira ina yoifikira koma kuphwasula ntchito ya sabata yathunthu. Munthu wotere amatuluka pamenepo atadziwa kudzichepetsa kuposa amene wamva maulaliki khumi. Kampaniyi, poona kuti ophunzira ake akuzolowera, inakhwimitsa mayeso mu 2019 potulutsa Liebherr R 9800, katapila wa tizidutswa 4,108 ndi injini 7, amene amayendetsedwa ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa Control+, kotero kuti mwiniwake, atatha kulimbana ndi magiya, amaphunziranso kudekha podikira kuti foni ndi katapila zigwirizane.

Chilungamo cha kanjerwa kamodzi kotsalira pansi nachonso n'choyenera kutamandidwa. Kuyambira mu 1963 tinjerwati timapangidwa ndi pulasitiki yolimba yotchedwa ABS, imene siphwanyika kapena kupindika ikapondedwa, choncho kulemera konse kwa munthu woyenda mumdima wopanda nsapato kumathera pa kangodya kamodzi kakuthwa kamene kamalowa m'chidendene. Chilango chimenechi sichiona nkhope, pakuti chimagwera mofanana mwana amene anamwaza tinjerwato, mayi amene anachenjeza kuti titoledwe, ndi bambo amene anatigula. Kachidutswa kakasowa, kaya kamezedwa ndi makina opopa fumbi kaya ndi galu, mwiniwake amalowa m'gulu la amalonda a dziko lonse kudzera pa BrickLink, msika wa pa intaneti wa tizidutswa togulitsidwa patokhapatokha, umene unayamba mu 2000 ndipo LEGO inaugula mu 2019. Kumeneko amaphunzira mfundo yozama ya zachuma, yoti mtengo wotumizira kapini kamodzi ukhoza kuposa mtengo wa kapiniko kangapo konse.

Pamwamba pa omanga onse pali wosonkhanitsa, munthu wamkulu wa m'gulu limene limadzitcha AFOL, ndiko kuti akuluakulu okonda LEGO, amene amafunafuna mabokosi a Rock Raiders a mu 1999, a Power Miners a mu 2009, ndi a migodi ya LEGO City a mu 2012 ndi 2018. Popeza kampaniyi imasiya kupanga bokosi lililonse pakapita zaka zochepa, zotsalazo zimakwera mtengo, ndipo kafukufuku wa Victoria Dobrynskaya wa ku Higher School of Economics ku Moscow anapeza kuti pakati pa 1987 ndi 2015 mitengo ya mabokosi oterewa inkakwera ndi pafupifupi 11 peresenti pa chaka. Koma phindu lenileni limatsata bokosi losatsegulidwa, lopanda ngakhale kukwinyika pangodya, ndiye chifukwa chake wosonkhanitsa wokhwima amagula katapila n'kusamumanga konse, amamukulunga, namubisa pamwamba pa wadilopu kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi ana ake omwe. Munthu ameneyu wachita zimene makampani onse a migodi alephera, pakuti watenga chuma chimene chinali poyera n'kuchikwiriranso, ndipo mgodi wokhawo umene wakumbidwa pa ntchito yonseyi ndi thumba lake.

Otsutsa amanena kuti pulasitiki ya ABS imachokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo amakumbutsa kuti mu 2023 kampaniyi inasiya ganizo lopanga tinjerwa kuchokera ku mabotolo akale itapeza kuti njirayo sikanachepetsa mpweya woipa; koma zimene iwo akuziyesa chilema ndizo chitsimikizo cha moyo wautali. Mu 1997 funde lalikulu linagwetsa makontena m'sitima yotchedwa Tokio Express kufupi ndi Cornwall ku England, ndipo imodzi mwa makontenawo inali ndi tizidutswa ta LEGO pafupifupi 5 miliyoni, timene anthu akutitolabe m'mphepete mwa nyanja. Ofufuza a ku University of Plymouth anawerengera mu 2020 kuti kanjerwa kakhoza kukhala m'nyanja zaka zoyambira 100 mpaka 1,300. Pamene kampani ya RWE, imene imayendetsa migodi ya Hambach ndi Garzweiler ija, inagwirizana ndi boma la Germany kuti kugwiritsa ntchito malasha ofiirira a ku Rhineland kuthe pofika 2030, zimphona zachitsulo za kumeneko zikuyembekezera kupuma ntchito, koma katapila wa pulasitiki alibe tsiku lopumira, ndipo n'zotheka ndithu kuti akatswiri ofukula zakale a m'tsogolo adzamupeza ali wathunthu n'kumulemba m'mabuku awo ngati mwala wa mtundu watsopano. Makina otere, amene sanakumbepo kanthu koma adzakumbidwa okha, ayenera kupatsidwa shelefu yawoyawo, kaburashi kofewa kopukutira fumbi pakati pa timitu, ndi lamulo la m'nyumba loti aliyense wodzuka usiku azivala nsapato.