Mutu umodzi susenza denga, kupatula wa John Wick

Makolo amene anati mutu umodzi susenza denga anali asanaonere Commando. Filimu ya mu 1985 ija ikungoyamba kumene, Arnold Schwarzenegger akutulukira atasenza chigogo chathunthu paphewa, osapempha ngakhale womutula. Kuno ku mafamu a fodya a ku Mashonaland, kuchokera ku Mvurwi mpaka ku Karoi, kulemera kwa nkhuni zosonkhera mubalani timakudziwa ndi msana, ndiye chigogo chimenechi chinagawa komboni pawiri. Ena ankati m'kati mwake ndi mphako. Ena ankangopemphera kuti foromani asaonere filimuyi, chifukwa akanalemba munthu ameneyu tsiku lomwelo, asanu n'kuuzidwa kuti ntchito yatha.

Mwambiwu unabwera kuno wapansi, pamodzi ndi agogo athu ochokera ku Nyasaland, aja anansi athu achishona amati mabhurandaya. Tanthauzo lake ankaliona ndi maso: denga amalimangira pansi, kenaka amuna n'kulizungulira, wina n'kukuwa, onse n'kulikweza pamodzi. Koma Hollywood yakhala ikutsutsa zimenezi kuyambira masiku a Rambo ndi Chuck Norris. Munthu mmodzi, asilikali mazana, zipolopolo zosatha m'mfuti, ndipo adani aulemu kwabasi, obwera mmodzimmodzi kuti amenyedwe mwadongosolo.

Masiku ano mfumu ya mitu yosenza yokha ndi John Wick. Amene simunaonere filimu yake ya mu 2014, nkhani yake nayi: anyamata opulukira athyola nyumba ya John Wick (Keanu Reeves), amuba galimoto, amuphera kagalu komwe malemu mkazi wake anamusiyira. Basi, mlandu wonse ndi womwewo. Pofika kumapeto, mitembo sukuiwerenganso. Amayi ena pa komboni anafunsa funso lomwe anyamata analephera kuyankha: “Kodi kwawoko kulibe ankhoswe? Galuyo akanangolipira mbuzi.” Ine ndili mbali yawo. Mlandu wa galu sungapitirire mafilimu anayi pamene pabwalo la amfumu ukanatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Komabe taonetsetsani, achimwene, muona kuti makolo sanagonje. John Wick amene mumamutama kuti alibe mnzake ali ndi dokotala womusoka mabala pakati pa usiku. Ali ndi telala womusokera suti yosalowa chipolopolo. Ali ndi hotela ya Continental yothawirako zinthu zikathina. Ndipo chimene chinasangalatsa madoda kuposa zonse, ali ndi adzukulu akeake. Akatha kupha anthu m'nyumba mwake amaimba foni, kumabwera mkulu wachipewa ndi gulu lake, kukulunga mitembo, kukolopa magazi, kupukuta magalasi. Apa madoda a bungwe lathu lothandizana pa maliro anagwedeza mitu movomereza, ati tsopano filimu yayamba kukamba zenizeni. Chinawakhumudwitsa n'chakuti adzukuluwo sanapatsidwe nsima ngakhale mtanda umodzi. Analipidwa ndi makobidi agolide, ndipo wina kumbuyo anati nafenso tili nawo, a Mosi-oa-Tunya aja Reserve Bank of Zimbabwe inatulutsa mu 2022, kungoti pa komboni pano amene anawagwirapo sanabadwe.

Schwarzenegger yemwe uja, ndi chigogo chake chonse, pachilumba pamene adani anabisa mwana wake sanafike posambira. Ndege anamuyendetsera mayi wina. Denzel Washington mu The Equalizer 3 ya mu 2023 akanafera m'galimoto ku Italy chipolopolo chili kumsana, pakadapanda wapolisi womutola ndi dokotala wokalamba wa m'tauni yaing'ono. Denzel ameneyu, ndingonena podutsa, akuluakulu amamutenga ngati mlendo wodziwika, poti Cry Freedom ya mu 1987, m'mene anasewera Steve Biko, anaijambula m'Zimbabwe muno.

Nanga ifeyo oonerafe? Filimu ya munthu wodzidalira yekha imafuna mitu khumi kuti ioneke. Foni ndi ya uyu, yosweka galasi pakona. Kamemore kodzaza mafilimu anakatengera wina ku Harare atapita ndi mabelo ku okushoni. Magetsi a ZESA athawa, ndiye tchaji ichokera pa sola ya neba, amene malipiro ake ndi mpando wakutsogolo. Palinso womasulira, mnyamata wa fomu folo wosakaniza Chichewa ndi Chishona, yemwe Chingerezi chikathamanga kwambiri amangoti “apa akutukwanizana”. Ndiye pali wa shifiti yausiku ku balani, amene fodya akamawamba sangasiye moto. Amaonera pang'ono, n'kuthamanga kukasonkheza, pobwera n'kufunsa kuti wafa ndani. Yankho lake silisintha: onse, kupatula mwini filimu.

Mkangano waukulu unabuka pa John Wick yachinayi, ya mu 2023. Anyamata anakondwera ndi masitepe aja a ku Paris, pamene munthu akwera movutikira mpaka pamwamba, n'kumukankha, n'kugubuduka mpaka pansi, n'kuyambiranso. Amati ndiye umuna umenewo. Akuluakulu sanatekeseke nazo, poti kuyambiranso pansi anakuona kale mu 2000 mafamu atasintha eni. Iwo anadikira mapeto, ndipo mapetowo ndi amene anawaimitsa mitu. Munthu wotchuka dziko lonse, wodziwana ndi anthu ku New York, ku Osaka ndi ku Berlin, pamanda pake paima amuna awiri okha. Palibe kwaya kapena msonkho wa ufa, palibe mwambo wa mawu, ngakhale woimira akuchikazi.

Agogo ena aamuna, amene anagona theka la filimu, anadzidzimuka pamenepo, n'kuyang'anitsitsa kagalasi kosweka kaja.

“Ameneyu,” anatero, “sankapita kumaliro a anzake.”

Mdzukulu wawo anawakumbutsa kuti ambiri mwa maliro amenewo anawayambitsa ndi iye yemweyo.

“Ndiye bwenzi akufika msanga,” anayankha agogo, n'kupempha kuti aike ya Jet Li.