Foni inatha moto, taonani nokha

Pa Chitakale pali anthu atatu amene ankadziwa bwino matenda a foni yanga: mayi a kunyumba, mlembi wa banki m'khonde, ndi mayi wina amene anandikongoza zinanazi za K12,000 mwezi wa Disembala. Onsewa akandiimbira ankangomva mkazi wa m'foni uja akuwauza kuti sindikupezeka. Tikakumana panjira, ndinkatulutsa foniyo m'thumba n'kuwaonetsa ngati kalata ya kuchipatala. "Inatha moto, taonani nokha, yakuda bii."

Ndipo sindinkanama. Mwina pang'ono chabe, masiku ena.

M'mawa ndinkaichotsa pa tchaja ili pa 100. Pofika pamphambano, paja msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatuka kusiya wa ku Muloza, inkakhala pa 71. Kupereka moni kwa anyamata a kabaza, 60. Dzuwa lisanafike paliwombo inkalira kamodzi ngati mwanapiye woti wagwidwa ndi mphamba, basi yagona. Foniyi anandipatsa mphwanga wina atabwera kuchokera ku Joni mu 2021, atatha kale kuigwiritsa ntchito. Panthawiyo ndinali munthu. Kafoni kanga ka mabatani, kamene kankakhala sabata yathunthu osaona tchaja, ndinakapereka kwa apongozi monyadira ngati ndikugawa ng'ombe.

Foni ikadwala, asing'anga sasowa. Woyamba anali mkulu wina wa pa bawo amene anandiuza motsimikiza kuti batire likafooka limafuna kuzizira, liyikidwe m'firiji. Vuto linali loti batire la foni zamakonozi silichoka, analimatira m'kati. Ndiye ndinapempha mwini golosale kuti foni yonse igone pakati pa mabotolo a zakumwa. Inatuluka ikutuluka thukuta ngati yakwera phiri, galasi lili mbuu m'kati. Mkulu yemwe uja, osachita manyazi, anati tsopano yamwa madzi, iyanikidwe. Ndinaiyanika padenga la malata ngati makaka a chinangwa. Pokaitenga ndinachita kugwirira nsalu.

Wachiwiri anali mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 2. Anandiikira pulogalamu ina yomwe ankati imasunga moto. Inali ndi kachithunzi ka tsache kamene kankasesa uku ndi uku, kenako n'kundionetsa malonda a nsapato. Inasesadi: bandulo yanga ya sabata inatha tsiku limodzi.

Apongozi sanachedwe ndi za sayansi. Anangoyang'ana foniyo chapatali n'kunena kuti, "Apa pali dzanja la munthu." Ine ndine mkamwini, sinditsutsa apongozi pakhomo pawo. Komabe mumtima ndinkakayikira phiri lathuli. Tinakula tikumva kuti ku Sapitwa, pamwamba pa mamita 3,002, kuli mizimu imene imasiyira anthu chakudya kuthengo. Ndinaganiza kuti mwina masiku ano nayonso yatukuka, ikufuna pobwezera, ndipo yayamba ndi batire langa.

Amene anathetsa nkhani ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina mwana anatentha thupi, anandiimbira kasanu osandipeza, mpaka anathamanga okha ku chipatala cha pa Boma. Madzulo sanakweze mawu. Anangomasula ndalama pa nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Abambo, mawa tipitira limodzi kwa wokonza mafoni." Mawu oti "limodzi" aja ndiwo anandisoweka tulo.

Wokonza mafoniyo ndi kamnyamata ka m'kanyumba ka matabwa m'mbali mwa msewu, koti ndikhoza kukabereka. Kanalandira foni ndi manja awiri, kanaigoneka pathebulo n'kuikankha ndi chala. Foni inazungulira ngati nguli.

"Madala, foni yabwinobwino sizungulira chonchi. Batire latupa ili. Taonani chivundikiro chatukuka."

Ine ndinkayesa kuti yangonenepa ndi zithunzi.

Mnyamatayo anafotokoza mofatsa ngati akulangiza namwali. Batire la m'foni, akuti, ndi la mtundu wa lithium-ion, ndipo lili ndi masiku ake owerengeka. Ukalidzaza n'kulikhuthula maulendo ngati 500, limayamba kuonetsa ukalamba: limanena kuti ladzaza, koma nkhokwe yake yachepa. Anandifunsa kuti ndimatchaja kangati patsiku. Ndinati katatu. Anawerengera pachikhatho n'kupeza kuti maulendo 500 ine ndimawamaliza miyezi isanu ndi umodzi isanakwane, kuwonjezera apo zomwe linaona kale ku Joni. Batire langa linali gogo wa agogo.

Kenako anafika pa mdani wamkulu, kutentha. Akuti palibe chimene chimakalambitsa batire msanga ngati kutentha, ndipo likatupa ndiye kuti m'kati mwapangika mpweya, likhoza kuyaka. Anafunsa ngati foniyo inakhalapo padzuwa. Ndinayang'ana kuphiri. Mayi a kunyumba anayankha m'malo mwanga, anatchula ndi mtundu wa malata omwe.

"Nanga usiku mumaitchajira pati, madala?"

Apa ndiyenera kudziteteza pang'ono. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankabwera ngati mlendo wa usiku. Tonse tinaphunzira kutchaja paliponse: kwa ometa tsitsi, pa sola ya aneba, pa batire la njinga yamoto. Ine ndinazolowera kugona foni ili pa tchaja, pansi pa pilo, kuopa anyamata owedza mafoni ndi ndodo pazenera. Magetsi anabwerera mwakale, koma chizolowezicho chinatsala. Ndiye kwa zaka zonsezi ndakhala ndikugoneka mutu wanga, mutu womwewu umene banja lonse limadalira, pamwamba pa mbaula.

Tchaja nayonso anaipima. Ndinaigula pawindo la minibasi ku Limbe, pamtengo woti ndinabwererako ndikudzitama kuti ndapusitsa wogulitsa. Mnyamatayo anaiyang'ana kamodzi n'kuiponya m'katoni ya zinyalala, osandipempha n'chilolezo chomwe.

Pa za phiri, anandipatsako ulemu pang'ono. Akuti ndinalasa, koma ndinalasa mwangozi. Mizimu ilibe nazo kanthu. Nkhani ndi yoti foni ikakhala pamalo pomwe netiweki ikuvuta, kuseri kwa mwala kapena m'zigwa za m'minda ya tiyi, imakuwa mwamphamvu kuti nsanja iimve, ndipo kukuwako kumadya moto. Ngati uli kumalo koti netiweki kulibiretu, ndi bwino kuiyika pa kachizindikiro ka ndege kaja. Ine kandegeko ndinkakaopa. Ndinkayesa ndi ka anthu a mapasipoti. Ananenanso kuti nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, batire lofooka limatha kuzima mwadzidzidzi chifukwa cha kuzizira. Ndinakumbukira firiji ija koma sindinaitchule, ndipo ndithokoze kuti mayi a kunyumba imeneyo sankaidziwa.

Mpaka apa mlandu unali wa batire, tchaja ndi phiri, ine ndinali mboni chabe. Zinthu zinatembenuka pamene mnyamatayo analowa mu Settings n'kutsegula pamene foni imalemba yokha zomwe zadya moto. Sindinkadziwa kuti foni imasunga kaundula. Ndikadadziwa, bwenzi nditabwera ndekha.

Anayamba kuwerenga mokweza ngati kalaliki wa khoti. Kuwala kwa galasi: ndinakuika pamapeto penipeni, usana ndi usiku, chifukwa ndimakana zoti maso anga akufuna magalasi. Bluetooth yoyatsa, Location yoyatsa, kuti Google idziwe kuti ndili pa Chitakale, zomwe ngakhale agalu apano akudziwa. WhatsApp: magulu 14. La kumpingo, la kumudzi, la anzanga a Sitandade 8 amene tinalephera limodzi, awiri okangana za Bullets ndi Wanderers, ndi lina lokonza maliro amene tinaika kale mu 2022 koma anthu akutumizabe maluwa oti "mwadzuka bwanji." Kanema aliyense wotumizidwa m'magulumo ankalowa yekha m'foni mwanga, ngakhale ndili mtulo.

"TikTok," anatero mnyamatayo, n'kukhosomola. "Maola atatu. Usiku."

Mayi a kunyumba anatembenuka pang'onopang'ono. "Si paja mumati mumawerenga Baibulo la m'foni, abambo?"

Ndinati mwina ndi mwana wa mlongo wanga uja. Mwanayo ali ku sukulu yogonera komweko kuyambira Seputembala.

Pofuna kusintha nkhani ndinafunsa kuti anapanga batire lachabechabeli ndani. Mnyamatayo, amene zikuoneka kuti bandulo yake amawerengera zinthu, anati si lachabechabe: kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire otere mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene anawatulukira analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Mmodzi wa iwo, John Goodenough, anali ndi zaka 97. Ndinangoti kakasi. Mkulu wa zaka 97 kulandira mphoto chifukwa cha chinthu chimene ine ndinachiyanika padenga.

Anaika batire latsopano, anatigulitsa tchaja yolongosoka, anatsitsa kuwala, anazimitsa zoyaka pachabe, anachotsa katsache kaja. Analangiza kuti ndisamadikire kuti ifike pa 0, ndiziitchaja ikafika cha m'ma 20, pamalo opita mphepo. M'magulu asanu ndi anayi ananditulutsa ndi mayi a kunyumba, ndi chala chawo, ine ndikuonerera. Gulu la maliro lija wina anandibwezeramo madzulo omwewo.

Tsopano foni imatha tsiku lonse mpaka m'mawa mwake. Imalira paliponse, momveka bwino. Mlembi wa banki m'khonde wandipeza kanayi sabata ino yokha. Lachiwiri ndinaona mayi wa zinanazi uja akubwera chakumsika, ndinabisala kuseri kwa minibasi ya ku Muloza. Anaima, anatulutsa foni yawo, anaimba. Nyimbo inalira m'thumba mwanga, kondakitala n'kunena kuti, "Mayi, amene mukuwafunawo ndi awa agwada apawa." Ndinati ndimamanga chingwe cha nsapato. Ndinali nditavala patapata.

Dzulo ndinabwerera kwa mnyamata uja ndekha. Ndinayamba ndi moni wautali, ndinafunsa za kumudzi kwawo, kenako ndinatsitsa mawu n'kufunsa ngati batire lakale lija akadali nalo, poti ndi katundu wanga, ndipo munthu umazolowerana ndi zinthu zako.

Sanadzutse n'komwe mutu pa foni yomwe ankakonza.

"Mayi anadutsa kale Lolemba, madala. Anati mukabwera kudzalifuna ndiwaimbire."

Ndisanayankhe, m'thumba munayamba kulira. Ndinasuzumira. Moto unali pa 86.