Tiwerenge zikho, thukuta ndi lanu

M'boma lonse la Chiradzulu, kuyambira pa Njuli mpaka ku Namitambo, palibe wodziwa basiketibolo kuposa ine. Mpirawo sindinaugwirepo, ndipo ndi msinkhu wangawu ndimaponda pampando pofuna kutsitsa wailesi pa kabati. Ukatswiri wanga ndi wapakamwa. Ndinauphunzira pa foni ya mphwanga yosweka galasi, yomwe imaonetsa theka la bwalo, theka linalo ndimangoganizira. Ndilinso ndi jezi ya nambala 23 ya pa kaunjika, yofika m'mawondo. Ubwino wake ndi woti Michael Jordan ndi LeBron James onse anavalapo nambala imeneyi, choncho kulikonse kumene mkangano wapendekera, ine ndimakhala nditavala kale za owina.

Bwalo lathu ndi chipinda chometera tsitsi pa Mbulumbuzi. Magetsi akathima, amuna timatsala pabenchi mitu itametedwa mbali imodzi, ndipo poti sungayende pamsika uli chomwecho, timayamba milandu. Kale inali ya Maule ndi Manoma. Lero anyamata abweretsa ya ku America: wamkulu ndani pakati pa Jordan ndi LeBron?

Ine sinditaya malovu. Ndimawerenga zikho. Jordan ali nazo 6, zonse ndi Chicago Bulls, 1991 mpaka 1993, kenako 1996 mpaka 1998, ndipo ndime yomaliza sanaluzepo. LeBron ali nazo 4: 2012 ndi 2013 ku Miami, 2016 ku Cleveland, 2020 ku Lakers. Ndime yomaliza wafikako ka 10 n'kubwerako chimanjamanja ka 6. Tsiku lina nditatero ndinapinda miyendo kudikira kuomberedwa m'manja.

"Achimwene," anatero wometa uja akupukuta makina ake ozizira, "ngati nkhani ndi zikho, bwanji simukutchula Bill Russell? Anatenga 11 pa zaka 13 ndi Boston Celtics."

Ndinamuyankha kuti pamene Russell ankatenga choyamba mu 1957 ligi yonse inali ndi matimu 8 okha. Apo n'kuti nditasiya kale kuwerenga zikho n'kuyamba kuwerenga matimu, koma ndinakweza mawu kuti anthu asazindikire.

Aphunzitsi ena amene anali pakona, ndevu zili theka, ndi omwe anabweretsa dzina la mkulu amene tsopano ndimamukonda ngati m'bale wanga, Robert Horry. Ameneyu ali ndi zikho 7, kuposa Jordan. Pa masewero amodzi ankangopeza mapointi 7 tikagawa bwinobwino, ndipo pa mndandanda wa akatswiri osankhidwa chaka ndi chaka sanalowepo. Nzeru zake zinali podziwa woyandikana naye. Ku Houston anali ndi Hakeem Olajuwon wobadwira ku Lagos, ku Lakers anali ndi Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, ku San Antonio anali ndi Tim Duncan. Iye ankadikira masekondi omaliza, aliyense akuyang'ana, n'kuponya mpira umodzi wolowa. Charles Barkley ndi Karl Malone anakhetsa thukuta moyo wawo wonse, chikho osachigwira.

Basi mlandu unasanduka wa anzake a munthu. A mbali ya LeBron anati Jordan asanapeze Scottie Pippen mu 1987 ankangothera ndime yoyamba. Mu 1986 anamwetsa Boston mapointi 63 yekha, koma timu yake inagonjabe. Atachoka mu 1993 kukayesa masewero ena, Bulls inawina masewero 55 pa 82, pamene chaka chapitacho iye alipo inawina 57. A mbali ya Jordan anabweza kuti LeBron mu 2010 anathawa kwawo ku Cleveland kutsatira Dwyane Wade ndi Chris Bosh ku Miami. Enawo anati nanga 2016, pamene anali kumbuyo 3-1 kwa Golden State yomwe inali itawina masewero 73, n'kutembenuza zinthu? Awa anati inde, koma mpira womaliza nkhaniyo anaponya ndi Kyrie Irving. Ine ndinkangogwedeza mutu mbali zonse, jezi ikundichitira umboni.

Mayi wogulitsa tomato pakhomopo anasuzumira. "Abambo inu, mukulimbana za anthu osakudziwani. Mwawi Kumwenda anasankhidwa katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, ma Queens atathera pa nambala 6. Ndiye Mwawi ndi wachabe? Temwa Chawinga mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ya ku America n'kukhala katswiri wa chaka, chikho n'kupita ku Orlando Pride kwa Barbra Banda wa ku Zambia, amene anali ndi Marta pambali pake. Mugula tomato kapena ayi?"

Sindinagule. Koma amene anandivula ndi agogo ena a ku Mbombwe, amene sanamvepo za Jordan chibadwire.

"Mwana wanga, tatulutsa K2,000."

Ndinapapasa m'matumba onse mwaulemu, mpaka wometa anandibwereka yake, maso ali pa dzanja langa.

"Nkhope imeneyo ndi ya John Chilembwe wa kwathu ku PIM. Nkhondo ya mu Januwale 1915 sanawine, ndipo pofika kumayambiriro kwa Febuluwale anali ataphedwa. Amene anawina uja, dzina lake ukulidziwa? Pa 15 Januwale timapuma chifukwa cha yani?"

Magetsi anayaka pomwepo, ndipo ndinathokoza phokoso la makina.

Komabe ine sindikusunthika, ndipo chifukwa chake ndikuuzani poti ndinu anthu osunga chinsinsi. Ndine mkamwini. Munda ndi wa apongozi, mbewu amasankha ndi mayi akunyumba, kupalira ndi iwo ndi ana, ndalama ya feteleza imachokera ku mandasi awo. Ine ndimatulukira pomanga thumba lomaliza, n'kulisenza podutsa pamene pali anthu. Mudzi wonse umati mkulu uja chimanga ndi nandolo sizimusowa. Mukayamba kufunsa kuti ankasewera ndi yani, mwandipha. Tiwerenge matumba basi.

Ndinalakalaka kuti mfundo imeneyi imveke kunyumba, ndiye ndinaifotokoza pa nsima. Mayi akunyumba anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati kuyambira tsopano ndiwo zizigawidwa potengera mapointi a munthu, osati zikho za timu. Ndinawaopseza kuti ndichita za LeBron, ndisamukira timu ina kumene luso langa lidzalemekezedwa. Iwo anandifunsa ngati zovala zanga andiikire m'jumbo kapena m'thumba la feteleza. Mphwanga, wopanda chisoni, anawonjezera kuti Bulls popanda Jordan inangotsika ndi masewero 2, koma munda uno popanda ine ukhoza kukwera.

Ndadikira sabata yonse, palibe timu yabwera kudzandigula. Ndasainanso kontirakiti pomwepa. Malipiro ndi nsima kawiri patsiku, ndipo kochi wanena kuti mawa tambala woyamba akalira, katswiri apezeke ali m'mizere ndi khasu.