Ulemu kwa Gogo Chalo, Makina Owotcherera

Mafumu a m'tauni masiku ano ulemu unawachepera. Mfumu imadutsa anyamata ali pa bawo, osadzuka n'komwe. Koma ilipo mfumu imodzi imene ikangotsokomola, mababu a mzere wonse wa nyumba amagwada. Ndikunena makina owotcherera zitsulo. Osati timakina ta m'sitolo tonyamula ndi dzanja limodzi iti ayi, koma aja obadwira kuseri kwa nyumba ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Mchesi.

Mufunseni mmisiri aliyense za makina ake oyamba, ntchito aiika kaye pansi. Akuuzani kumene anatola zitsulo za thiransifoma yakufa, mmene anakulungira waya wa kopa mpaka zala kutupa, n'kuutchinga ndi nsanza komanso mapepala a thumba la simenti, zonsezo n'kuzikhomera m'bokosi lamatabwa. Ena ankawamiza m'chigubu cha oyilo kuti asapse. Posamutsa, wilibala. Batani lowonjezera moto kunalibe: unkachotsa waya pa bawuti iyi kupita pa inayo, pemphero lili mumtima. Koma simudzamva wina akuwanyoza. Amangopukusa mutu n'kuti, "Achimwene, aja ndiye anali makina. Ndi amene anandikwatitsa aja."

Ufumu wawo si wolanda. Magetsi amafika m'nyumba zathu ali ndi mavolti 230. Gogo Chalo amawatsitsa kufika pa makumi ochepa chabe, n'kuchulukitsa moto wodutsa mu waya, kuti rodi ikakhudza chitsulo chofuna madigiri pafupifupi 1,500 chisungunuke. Motowo uyenera kuchokera penapake, ndipo mfumu siidya za m'thumba mwake. Msonkho umachokera mu babu lanu, mu firiji ya mayi ogulitsa mafirizesi, ndi mu wailesi yakanema ya bambo amene akudikira chigoli Bullets ikumenyana ndi Wanderers. Oscar Kjellberg wa ku Sweden, yemwe anatulukira rodi yokutidwa ndi mankhwala kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, maganizo ake anali pa sitima zapamadzi. Sankadziwa kuti akulonga mfumu kwathu kuno.

Ndiye kugwadako kuli ndi mwambo wake, musaone ngati n'kwachisawawa. Rodi ikangokanda, babu limayamba lafiira kaye, kuonetsa manyazi. Kenako limawerama. Firiji nayo imang'ung'udza chapansipansi, ndipo ife odziwa chinenero chake timamva kuti ikuti "wawa". Ana olemba ntchito ya kusukulu madzulo anafika podziwa kukula kwa rodi osatuluka panja: ikakhala ya mamilimita 2.5 babu limangopinda bondo, ikakhala ya 3.2 limagona chafufumimba. Ndi sukulu iti imene inaphunzitsapo sayansi mwaulere chonchi?

Komatu tisawasenzetse okha mlandu agogowa. Thiransifoma ya m'dera lathu anaiika nyumba zikadali zowerengeka, pano ikuyamwitsa mudzi wonse, ndipo akuluakulu ena ake amabwera kudzaiyang'ana, n'kulemba m'kabuku, n'kukwera galimoto. Kabukuko kayenera kuti kanadzaza. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi ankabwera nthawi ya afiti. Mmisiri ankadzuka nawo pakati pa usiku kuti amalize geti la mwini, mawindo athu onse ali ng'ani ng'ani popanda mtambo. Tinkatukwana m'mabulangete, koma ana ake akanadya chiyani?

Za maso ndiye ndisanene zambiri. Chigoba chotchingira nkhope amati n'chodula, ndiye amavala magalasi akuda a pamsika, ena amangotsinzina. Usiku ukafika maso adzaza mchenga, misozi chuchuchu, mayi a kunyumba ali kalikiliki kudula mbatatesi yoika pazikope. M'mawa munthu yemweyo ali pantchito, akuuza mnyamata wake kuti maso amazolowera. Sazolowera, kuwala kuja kumawotcha.

Oseketsa kwambiri ndinu anansi anga. Inu bambo amene mumakuwa madzulo aliwonse kuti tikawanenera, geti limene mumatsekera ukali wanulo analumikiza ndani? Zitsulo za m'mawindo zimene zimakugonetsani tulo akuba akuzungulira zinachokera kuti? Bedi lanu litathyoka mwendo (sitifunsa kuti linathyoka bwanji) munalinyamula mbandakucha kuti anthu asaone, n'kukaimirira pamaso pa mfumu yomweyo chipewa chili m'manja. A kabaza nawo amadandaula kuti foni sinadzaze moto, njinga yawo ili ndi zipsera za rodi kuyambira kutsogolo mpaka pa kaliyala.

Kalipireni ngongole ya bedi ija, bambo, mwina mmisiriyo n'kugulako chigoba cha kumaso.